Amake Goloboyi ndi Chitseko Chachitsulo

Mwezi wathawu tinaika m'manda mayi amene ambiri a ife tinavalapo zovala zosokedwa ndi manja awo. Dzina lawo la ubatizo litatchulidwa pa Misa ya maliro, ena anayang'anana, chifukwa m'tauni muno tinkangowadziwa kuti Amake Goloboyi. Bambo mfumu apempha kuti moyo wawo ulembedwe m'nyuzi ya parishi ino. Ndiyambe ndi chinthu chimene iwo eni sakadalola kuti chibisidwe: sanali munthu wolimba mtima. Anali amantha kuyambira ubwana mpaka tsiku lomaliza, ndipo Mulungu anawagwiritsa ntchito ali choncho.

Anabadwa oyamba m'nyumba ya kalipentala, kuseri kwa msika. Mayi awo anamwalira iwo akadali kamtsikana, ndipo ntchito yolera azing'ono awo inagwera iwo. Mng'ono wawo amene watsala amasimba kuti achemwali ake ankaopa agalu, mabingu, ngakhale kuyankha funso m'kalasi. Mvula yamabingu ikayamba, ankasonkhanitsa ana onse pansi pa tebulo lopalirapo matabwa, n'kuyambitsa nyimbo ya m'tchalitchi ndi mawu onjenjemera. "Ife tinkaona ngati akutilimbitsa mtima," amatero mng'onoyo, "osadziwa kuti woyamba kulira ndi yemweyo." Sukulu anasiyira panjira. Azakhali awo, amene anali telala, anawatenga nawaphunzitsa kudula nsalu ndi kuponda makina.

Atakula anakwatiwa ndi mnyamata woyendetsa lole. Anapeza malo pakhonde la sitolo ina ya nsalu, naikapo makina, tebulo ndi galasi lalitali lodziyang'anirapo makasitomala. Ankasoka mayunifolomu, madiresi a ukwati ndi nsalu za paguwa, zimene ankazipereka kwa Mulungu ngati mphatso yawo. Ambuye anawapatsa mwana mmodzi yekha, mnyamata wa manja aatali, woimba m'kwaya ya ana, amene pa mpira ankakhala pagolo. Anzake anamutcha Goloboyi, ndipo dzinalo linamatirira iye ndi mayi ake omwe.

Matenda anabwera mwakachetechete mwanayo atangoyamba sekondale. Anasiya mpira. Ankakhala pakhonde paja atapendeketsa mutu ngati akumvetsera munthu wolankhula chapatali. Tsiku lina anatembenuza galasi lija kuti liyang'ane kukhoma. "Amayi, muli anthu m'menemo, akundinena," anatero. Mayi ake anaseka pamaso pa kasitomala, koma tsiku limenelo sanapondenso makina.

Kenaka linafika Lamulungu limene achikulire akulikumbukirabe. Mkati mwa Misa, tchalitchi chonse chili zii, mwanayo anaimirira atagwira makutu, n'kukuwa kuti anthu asiye kumutchula dzina. Azibambo anamunyamula akupalapata. Mayi ake anatsatira pambuyo atanyamula nsapato yake imodzi imene inavuka.

M'tauni yaying'ono nkhani sichedwa. M'mawa mwake inali itafika pampopi.

"Ndi chamba chimenecho."

"Chamba chanji, mwana wa m'kwaya? Kafunseni amake. Tonse tikusoka, koma iwo okha ntchito mbwee. Mumaona ngati makina aja amangoyenda?"

"Ndiye mukuti anapereka mutu wa mwana?"

"Ine sindinanene, asisi. Mwanena ndinu."

Bambo wa mwanayo sanapirire. "Kwathu kulibe zimenezi, zachokera kwanu," anatero, ndipo atanyamuka ulendo wina wa lole sanabwererenso m'nyumbamo. Mwini sitolo naye anawaitana. "Mayi, musandimve molakwa, ine ndilibe nanu chifukwa. Koma anthu akuopa kulowa." Makina anakwezedwa pa wilibala, ulendo wa kunyumba. Makasitomala amene anatsala sankalowanso kudzayezetsa; ankapereka diresi lakale pampanda kuti ayezerepo. Ngakhale m'tchalitchi, benchi imene iwo akhala inkakhala ndi malo ambiri, ndipo nthawi yopatsana mtendere manja ena sankafika.

Malangizo anali ochuluka. Ena ankati amumange, ena ankati akamusiye kwa achibale akutali kumene anthu sakumudziwa. Amake anapita naye kuchipatala. Madokotala anawauza kuti si temberero kapena chilango, ndi matenda, ndipo ali ndi mankhwala ake ngakhale kuti satha msanga. Mwanayo anagonekedwa kwa kanthawi, nabwerako atanenepa, akuyenda pang'onopang'ono, manja akunjenjemera. Masiku abwino ankasita zovala zimene mayi ake asoka, ndipo ankasita bwino, kolala n'kuima. Masiku oipa mawu aja ankabwerera.

Mayi ake Misa sanaphonye. Ankakhala pafupi ndi khomo, dzanja limodzi lili pa kolona, lina lili pa bondo la mwana. A katekisiti anawafunsapo kuti, "Kodi mayi, simuopa?" Iwo anati, "Ndimaopa, aphunzitsi. Ndikamaphika ndimaopa, ndikamasoka ndimaopa. Ambuye sanandichotsere mantha, amangondiperekeza nawo."

Koma sankaopa mwana wawo ayi. Ankaopa zimene anthu angamuchite. Mawu aja akamuchulukira, Goloboyi ankathawa m'nyumba n'kumangoyenda, ndipo ana a mumsewu ankamutsata. "Wamisala, gwira mpira!" ankatero akumuponyera miyala. Mayi ake ankasiya nsalu pansi pa singano n'kutuluka, tepi yoyezera ikadali m'khosi, kumufunafuna msewu ndi msewu. Ankati akamva mapazi a anthu akuthamanga panja, mtima unkaima.

Zimene ankaopazo zinachitika masana ena, Goloboyi ali kale mnyamata wamkulu. Atathawa m'nyumba, anapeza kamtsikana kakulira kokha pafupi ndi depoti ya mabasi. Anakanyamula n'kukatseka makutu ndi manja ake, poganiza kuti nakonso kakumva mawu amene ankamuzunza iye. Wina anakuwa kuti, "Wamisala waba mwana!" Mayi wogulitsa masamba ndiye anathamanga kukawauza amake. Atafika anapeza mwana wawo ali pansi, anthu atamuzungulira ndi ndodo. Pakati pawo panali bambo wowotcherera zitsulo, amene tonse timangowatcha a Zitsulo, atanyamula chitsulo cha kuntchito kwawo. Amake anangodutsa pakati pa anthuwo n'kugona pamwamba pa mwana wawo. Ndodo imodzi inawapeza paphewa, ndipo kuyambira tsikulo mkono umenewo sunakwerenso bwino. Anthu atawaona anabwerera m'mbuyo. Kamtsikana kaja kanalibe ndi bala lomwe.

Manyazi analipo m'tauni, koma mantha anaposa. Komiti ya tchalitchi inakumana, ndipo ndi mtima wofuna kuthandiza inagwirizana zopereka mphatso: chitseko chachitsulo cha kuchipinda kwa Goloboyi, chokhala ndi mpiringidzo kunja. A Zitsulo ndiwo anachikonza. A komiti anabwera nacho Loweruka lina, natsegula ndi pemphero.

"Mayi, tabwera ndi kamphatso," anatero wapampando. "Akayamba zake muzingomutsekera. Nanu muzipumako, nafenso mitima izikhala pansi."

Amake Goloboyi anayang'ana chitsekocho nthawi yaitali. Pambuyo pake ankanena kuti anakumbukira munthu uja wa m'Malemba amene ankakhala kumanda, amene anthu ankamumanga ndi maunyolo koma osamuchiritsa. Mayi amene anali asanatsutsanepo ndi munthu anayankha ndi mawu otsika.

"Zikomo, azibambo anga, ndalandira. Ndipemphe chimodzi chokha. Mpiringidzowo muuike m'kati."

A Zitsulo anaseka. "Mayi, chiyambire ntchito imeneyi sindinaonepo khola lotsekera m'kati. Mbuzi izidzitsekera yokha?"

"Si mbuzi, bambo, ndi mwana wanga. Inu mwamuopa tsiku limodzi. Iye amakuopani tsiku lililonse. Amathawa m'nyumba muno chifukwa alibe pobisala."

"Nanga akadzitsekera, osatuluka?"

"Ndidzadikira."

A komiti anang'ung'udza, ena anati mphatso yawo yanyozedwa. Koma a Zitsulo, amene sankatha kuyang'ana phewa la mayiwo, anadula mpiringidzowo nauwotcherera m'kati.

Kuyambira pamenepo Goloboyi anasiya kuthawa. Mawu aja akabwera ankalowa m'chipinda, kho! mpiringidzo, n'kutchinga zenera ndi bulangete. Mayi ake ankakoka kampando n'kukhala pafupi ndi chitseko ndi zosoka za pamanja. Sankagogoda, sankamupempha kuti atsegule. Ankangomuuza kuti akuika mabatani pa malaya a ndani, kuti ulusi wakuda watha, kenaka n'kuyamba kanyimbo ka madzulo chapansipansi. Nthawi zina ankatsegula dzuwa lisanalowe, nthawi zina m'mawa mwake. Ankakonda kunena za ophunzira aja amene anadzitsekera m'nyumba chifukwa cha mantha. "Ambuye sanawathyolere chitseko," ankatero, "anangowapeza momwemo n'kuwapatsa mtendere."

Zaka zinapita motero, ndipo anthu anayamba kuzolowera. Ena anabwereranso kudzayezetsa m'nyumba. Koma pamene maso a mayiwo anayamba kuchita chidima ndipo chifuwa chinayamba kuwavuta, anagwidwa ndi mantha atsopano, aakulu kuposa onse akale. Chitseko chija chinkatsegukira mawu amodzi okha, mawu awo. Tsiku lina pamsonkhano wa amayi anaimirira, chinthu chimene anali asanachitepo.

"Amayi anzanga, ine ndikafa mudzathyola chitseko chija. Ndikudziwa. Mudzathyola mwachikondi, n'kumumanga mwachikondi, ndipo iye sadzakhulupiriranso munthu. Chonde, muzibwera kudzakhala nane pakhomo paja, azolowere mawu anu ndikadali moyo."

"Tibwera, Amake Goloboyi, tibwera," anayankha ambiri, koma ntchito za kunyumba zinawachulukira. Kagulu kena kanabweradi, koma kanayamba kupemphera mofuula ndi kumenya chitseko ndi zikhatho. M'katimo Goloboyi analira ngati mwana wakhanda, ndipo mayi ake anawathokoza alendowo nawaperekeza mpaka pampanda.

Amene anabwera osaitanidwa ndi a Zitsulo. Anafika tsiku lina Goloboyi atadzitsekera, kabotolo ka oyilo kali m'manja.

"Ndabwera kudzathira oyilo, chitseko changa chingandichititse manyazi."

"Oyiloyo mudzathira mawa. Khalani apa," anatero mayiwo, nawapatsa kampando kawo. "Musagogode. Musamuuze kuti atsegule. Musanong'one, kunong'ona kumamuopsa. Ingolankhulani."

"Ndiziti chiyani? Nyimbo ine ayi, mawu anga ali ngati sowo ikudula paipi."

"Nenani zimene mumanena kuntchito."

"Zimenezo si zonena pamaso pa mayi wopemphera."

Mapeto ake anayamba kucheza ndi chitsekocho za mpira, za magetsi amene amazima munthu ali pakati pa ntchito, ndi za bondo lawo lopweteka. Chitseko sichinatseguke. Chinatseguka iwo atapita, ndipo Goloboyi anauza mayi ake kuti, "Ndi uja anali ndi chitsulo." Mayiwo sanawabisire a Zitsulo mawu amenewa. Bamboyo anasowa kwa milungu ingapo, ndipo mayiwo ankaopa kuti awathawitsa. Koma anabweranso, nakhala pakampando paja, nati, "Achimwene, ndine ndemwe uja. Ndinali nacho chitsulo, simukunama. Lero ndilibe." Anapitiriza kubwera kwa nthawi yaitali, ndipo masiku abwino awiriwo anafika popatsana moni. Koma Goloboyi akadzitsekera, chitseko sichinawatsegukirepo ngakhale kamodzi.

Chaka chino chifuwa chija chinakula. Kuchipatala anachita zimene akadatha, kenaka mayiwo anapempha kubwerera kunyumba. Mng'ono wawo anabwera kudzawadwazika, ndipo bedi lawo linaikidwa pabalaza, moyang'anana ndi chitseko chija. M'masiku omaliza mawu anawathera. Milomo inkayenda koma osamveka kanthu.

M'mawa wina bambo mfumu anabwera kudzawadzoza mafuta oyera, ndipo amayi ambiri anawaperekeza. Goloboyi ataona nyumba yadzaza, mayi ake ali chigonere osalankhula, analowa m'chipinda n'kutseka. Tsikulo linatha. Linacha lina, chitseko chili chitsekere. Sanadye, sanamwe madzi, sanamwe mankhwala, ndipo m'katimo simunkamveka ngakhale kutsokomola. Amayi ake aang'ono anaitana mpaka kulira. Anthu anayamba kusonkhana pabwalo.

"Afera momwemo ameneyo."

"Mwina wadzipweteka kale. Dulani chitsekocho!"

"Paja tinanena, mpiringidzo wa m'kati unaoneka kuti?"

Wapampando anatuma uthenga, ndipo masana a Zitsulo anafika atanyamula makina odulira zitsulo, azibambo awiri ali pambuyo ndi chingwe. Amake Goloboyi ataona makinawo anayesa kudzuka koma analephera. Anagwira nsalu ya pabedi ndi manja onse awiri, maso ali tong'o, milomo ikuyenda popanda mawu. Mng'ono wawo akuti chibadwire sanaonepo mantha otere pankhope ya achemwali ake.

A Zitsulo anaima pakati pa bedi ndi chitseko. Nawonso ankaopa, chifukwa munthu akadafera m'katimo, mlandu ukadakhala wawo. Anayang'ana mayiwo, nayang'ana makina ali m'manja mwawo.

"Tengani ichi mukachisiye kunja kwa mpanda," anauza azibambo aja. "Chingwe chanucho chomwe. Ndipo anthu onse pabwalopo achoke. Dzuwa likalowa asanatsegule, ndidula ndekha."

Pabwalo patayera, a Zitsulo anakoka kampando kaja.

"Achimwene, ndine. Manja anga alibe kanthu. Mwamva zimene anachita goloboyi wa timu yathu Loweruka? Mpira wobwera pang'onopang'ono ngati nkhalamba ikupita kumsika, iye n'kuutsegulira miyendo. Ndinati munthuyu amulipira kapena wagona? Inu simukadachita zimenezo."

Analankhula za mpira mpaka nkhani zinatha. Analankhula za magetsi, za bondo, za galimoto ya wapampando imene imalira ikakankhidwa. Mthunzi unasuntha pakhoma, m'katimo muli zii. Mawu awo anayamba kusasa, thukuta likutsika. Kenaka anangonena zoona.

"Achimwene, amayi akudwala kwambiri. Mawu awathera, n'chifukwa chake simukuwamva. Sanakusiyeni ayi. Ali pompano, akuyang'ana chitsekochi."

Patapita nthawi, mawu ofooka anamveka m'katimo. "Anthu aja apita?"

"Apita. Tatsala ine, amayi anu aang'ono ndi amayi."

"Mukunama."

"Suzumirani. Mukapeza ndanama mutsekenso, ndipo ine sindidzapondanso pano."

Mpiringidzo unalira pang'onopang'ono. Goloboyi anasuzumira, nayang'ana uku ndi uku, natuluka akudzandira, milomo itauma. A Zitsulo sanadzuke pakampando. Anangomupatsira kapu ya madzi, ndipo iye analandira m'manja mwawo namwa. Kenaka anakagwada pambali pa bedi. Mayi ake anayang'ana a Zitsulo, nayang'ana mwana wawo, ndipo manja aja anasiya nsalu imene anaigwira. Limodzi linakagwa pamutu pa mwanayo.

Sanachedwenso. Mng'ono wawo anayambitsa kolona, a Zitsulo akuyankha mmene angathere, ndipo dzuwa lisanalowe mayiwo anapuma komaliza, mwakachetechete ngati munthu amene wamaliza ntchito yake n'kuphimba makina. Akuti nkhope yawo inali yosalala ngati ya kamtsikana.

Sanasiye chuma, sanatsogolerepo gulu lililonse, ndipo pamsonkhano analankhulapo kamodzi kokha. Anaima pafupi ndi mwana wawo monga mayi wa Ambuye anaima pafupi ndi mtanda, akunjenjemera koma osachokapo. Ambuye amene anawaperekeza m'mantha awo onse awalandire kumene kulibenso choopsa, ndipo kuwala kwake kuwawalire.

Goloboyi akukhala m'nyumba yomweyo ndi amayi ake aang'ono. Sanachire, ndipo mwina sadzachira mpaka tsiku limene tonse tidzachiritsidwe. Akumwa mankhwala ake, ndipo ndi iye amene anasita nsalu za paguwa zimene mwaziona Lamulungu lapitali. Chiikire maliro wadzitsekerapo kale, ndipo anatsegula. Koma chitsekocho chikudziwabe mawu amodzi okha, ndipo mwini mawuwo ndi bambo wokalamba wa bondo lopweteka. Nditawafunsa a Zitsulo ngati ali ndi mawu oti ndilembe m'nyuzi ino, anakanda kumutu, nati, "Lembani kuti nanenso ndikuopa. Kampando kalipo, abwere mmodzimmodzi ndikadali moyo. Koma asagogode."